Willem Dicke: dokotala amene anatulukira kuti buledi amadwalitsa ana ena

Ngati munagonako ku Senga Bay kapena ku Chipoka, mukudziwa mmene kumachera pagombe. Asodzi akamakocheza ndi usipa wa usiku, amayi a mandasi amakhala atafika kale ndi mabeseni awo, ndipo m'matiyirumu madzi amakhala atawira. Sikono, buledi ndi mandasi ndi zomwe ambiri timamwera tiyi masiku ano, ngakhale agogo athu ankadzukira phala, mbatata kapena chinangwa chophika. Kwa anthu ambiri palibe cholakwika ndi zimenezi. Koma alipo ena ochepa omwe chakudya chilichonse cha ufa wa tirigu chimawawononga matumbo pang'onopang'ono, eni ake osadziwa. Matenda amenewa amatchedwa celiac.

Lero madokotala amadziwa kuti matendawa sachizika ndi jakisoni kapena mapiritsi. Chithandizo chake ndi kusiyiratu tirigu. Zaka 100 zapitazo panalibe ankadziwa zimenezi, ndipo ana ambiri odwala celiac ankamwalira madokotala akuyang'ana. Amene anamasula mfundoyi ndi dokotala wa ana wa m'dziko la Netherlands, Willem Karel Dicke. Anamwalira mu 1962, koma zomwe anapeza zingakuthandizeni lero ngati inu kapena mwana wanu mukuvutika ndi m'mimba mosalekeza.

Mnyamata wa ku Dordrecht

Dicke anabadwa pa 15 Febuluwale 1905 mumzinda wa Dordrecht, womwe wazunguliridwa ndi mitsinje. Anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Leiden ndipo anamaliza mu 1929. Kuchoka apo anapita mumzinda wa The Hague, ku chipatala cha ana cha Juliana, kukazama pa matenda a ana. Mu 1936, ali ndi zaka 31 zokha, anamusankha kukhala mkulu wa chipatalacho.

M'mawodi a chipatalachi munali ana ena omwe madokotala ankasowa nawo chochita. Mwana ankabadwa bwinobwino n'kumakula bwino ali kubere. Akangoyamba zakudya zina, zinthu zinkasintha. Mimba inkatupa, manja ndi miyendo n'kuonda, matako n'kufota. Ankatsegula m'mimba kawirikawiri, chimbudzi chake chambiri, chotuwa, chamafuta ndiponso chonunkha kwambiri. Ankangolira, chakudya osachifuna, ndipo kukula kunkaima. Mwana wa zaka zisanu ankaoneka ngati wa zaka ziwiri.

Mwana wotere mutamuona kumudzi kwathu kuno, ena anganene kuti ndi kunyentchera, ena n'kunena kuti ndi tsempho. Koma ana a ku The Hague aja sankasowa chakudya kwawo. Chakudya chinkalowa m'kamwa, koma thupi silinkapindula nacho.

Zomwe madokotala ankadziwa asanabwere Dicke

Matendawa si atsopano. Sing'anga wina wachigiriki wa makedzana, Aretaeus wa ku Cappadocia, anawalemba kale, ndipo dzina loti celiac likuchokera ku liwu lachigiriki lotanthauza mimba. Mu 1888, dokotala wa ku London, Samuel Gee, anafotokoza zizindikiro zake momveka bwino ndipo anaona kuti wodwala akhoza kuchira pokhapokha chakudya chake chitasinthidwa. Chomwe Gee sanadziwe ndi chakudya chenicheni choyenera kuchotsa, moti odwala ake ankawalola kudya buledi wochekedwa mopyapyala n'kuwotcha.

Mu 1924, dokotala wa ku New York, Sidney Haas, anabwera ndi njira yomwe inatchuka kwambiri: kudyetsa anawo nthochi zambiri tsiku lililonse n'kuwaletsa buledi, mbatata, shuga ndi zakudya zonse za ufa. Ana ambiri anachiradi, ndipo anthu anakhulupirira kuti mu nthochi muli mphamvu yapadera. Zoona zake n'zakuti anawo ankachira chifukwa anasiya tirigu mosadziwa. Vuto linali lakuti akaoneka kuti achira ankabwerera ku buledi, matumbo n'kuyambanso kuwonongeka.

Umu ndi mmene zinthu zinalili Dicke akuyamba ntchito. Aliyense ankaloza chala zakudya zonse zokhutitsa, osasiyanitsa tirigu, mpunga, chimanga ndi mbatata.

Dokotala womvetsera amayi

Mu 1932, Dicke ali dokotala wachinyamata, anamva pa msonkhano wa madokotala a ana za mwana wina wodwala celiac yemwe anayambiranso kutsegula m'mimba atangodya buledi. Nkhaniyi inamukhala m'mutu. M'zaka zotsatira anayamba kuyesa kuchotsa tirigu yekha pa chakudya cha ana ena, n'kuwasiyira zakudya zina zokhutitsa. Mayi wina anamuuzanso kuti zidzolo za pakhungu pa mwana wake zinkatha akasiya kumupatsa buledi. Dicke sanapeputse mawu a mayiyo.

Panali mnyamata wina yemwe anamuphunzitsa zambiri. Akagonekedwa m'chipatala n'kumadya chakudya chopanda tirigu, ankanenepa ndi kukula ngati anzake. Akatulutsidwa n'kubwerera kwawo, komwe buledi anali chakudya cha tsiku ndi tsiku, kukula kunkabwerera m'mbuyo. Izi zinachitika maulendo anayi, ndipo Dicke ankalemba kulemera ndi kutalika kwa mwanayo ulendo uliwonse. Taganizirani buku la sikelo la mwana wanu, mzere ukukwera mwana ali kuchipatala, n'kumatsika akafika kunyumba. Ndi zomwe Dicke ankaona.

Mu Meyi 1940 asilikali a Germany analanda dziko la Netherlands. Nthochi sizilimidwa kumeneko, ndipo nkhondo inatseka njira zomwe zinkadzera. Mu 1941 Dicke analemba nkhani yaifupi m'magazini ya madokotala a m'dziko lake, yofotokoza chakudya chosavuta cha ana odwala celiac, chomwe mfundo yake yaikulu inali kupewa tirigu. Nkhaniyo inali m'chinenero chakwawo, inatuluka nkhondo ili mkati, ndipo kunja kwa dzikolo ndi ochepa omwe anaiona.

Njala ya 1944

Akuluakulu athu amakamba za njala ya 1949, ndipo ambiri mukukumbukira ya 2002, pomwe anthu anafika podya gaga ndi zitsa za nthochi. Anthu a ku Netherlands nawo ali ndi njala yawo yomwe saiwala. Mu Seputembala 1944 ogwira ntchito za sitima zapamtunda ananyanyala ntchito pofuna kufooketsa asilikali a Germany. Pobwezera, asilikaliwo analetsa chakudya kulowa m'mizinda ya kumadzulo kwa dzikolo, kuphatikizapo The Hague. Kenako kunadza chisanu choopsa, ngalande zomwe mabwato ankadzera n'kuuma gwa ndi madzi oundana.

Buledi anasowa. Anthu anayamba kudya mizu ya maluwa otchedwa tulip ndi mizu yomwe amapangira shuga. Anthu pafupifupi 20,000 anamwalira ndi njalayo.

Mkati mwa tsokali, Dicke anaona chinthu chodabwitsa. Pomwe anthu ena onse ankafooka, ana odwala celiac anayamba kupeza bwino. Kutsegula m'mimba kunachepa. Kumayambiriro kwa 1945 dziko la Sweden linatumiza ufa wa tirigu wothandizira anjala, ndipo kuyambira pa 29 Epulo ndege zankhondo za Britain, kenako za America, zinayamba kuponya chakudya kuchokera m'mwamba. Buledi atabwerera, ana aja anayambiranso kudwala. Chakudya chomwe chinapulumutsa mtundu wonse ndi chomwe chinkawapweteka iwo.

Ambiri amafotokoza ngati kuti Dicke anatulukira zonse nthawi ya njalayi. Monga mwaonera, anali atayamba kale kukayikira tirigu zaka zoposa 10 m'mbuyomo. Njalayo inangomulimbitsa mtima kuti sanalakwitse.

Umboni unapezeka m'chimbudzi

Kuona ndi maso kokha sikunali kokwanira kuti madokotala anzake amukhulupirire. Pankafunika manambala. Nkhondo itatha, Dicke anagwirizana ndi anthu awiri a mumzinda wa Utrecht: dokotala wa ana H. A. Weijers, wa ku chipatala cha ana cha Wilhelmina, ndi katswiri wa mulabotale J. H. van de Kamer. Van de Kamer anakonza njira yoyezera kuchuluka kwa mafuta m'chimbudzi cha munthu.

Nzeru yake inali yosavuta kumva. Matumbo abwino amayamwa pafupifupi mafuta onse omwe munthu wadya. Matumbo owonongeka amalephera, mafutawo n'kutuluka ndi chimbudzi. Choncho ankayeza chakudya chilichonse chomwe mwana wadya, n'kuyezanso mafuta omwe atuluka, tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri. Kenako ankasintha chinthu chimodzi chokha pa chakudyacho n'kuonanso manambala. Inali ntchito yonunkha ndiponso yotopetsa, koma inabala zipatso.

Mwana akadya ufa wa tirigu kapena wa mbewu ina yofanana naye yotchedwa rye, mafuta m'chimbudzi ankachuluka. Akadya chimanga, mpunga kapena mbatata yachizungu, zinthu zinkakhala bwino. Anapezanso kuti sitalichi wa tirigu payekha, akamulekanitsa bwino ndi zina zonse, sankavulaza ana. Izi zinasonyeza kuti choipacho chili mu puloteni wa tiriguyo.

Mu 1950 Dicke anapereka kafukufukuyu ku yunivesite ya Utrecht ngati buku lake la digiri yapamwamba. Mu 1952 gulu la madokotala a ku Birmingham ku England, lomwe munali Charlotte Anderson wa ku Australia, linatsimikiza kuti puloteniyo ndi gluten. Mu 1953 Dicke ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza m'Chingerezi, ndipo anasonyeza kuti gawo la gluten lotchedwa gliadin ndi lomwe limavulaza kwambiri. Kuchokera apo, chithandizo cha celiac chinasintha pa dziko lonse.

Kodi gluten ndi chiyani?

Ngati munakandapo ufa wa mandasi, gluten munamugwira kale ndi manja anu. Ndi amene amachititsa kuti ufa wokandawo uzitamuka ngati labala ndi kufufuma mukathira isiti. Yesani kukanda ufa wa chimanga chimodzimodzi: umangonyenyeka, chifukwa mulibe gluten. Amapezeka mu tirigu, mu balere ndi mu rye.

Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri toimirira ngati ulusi wa thaulo. Ntchito yake ndi kuyamwa chakudya chomwe chagayika kuti chilowe m'magazi. Kwa munthu wodwala celiac, gluten akafika m'matumbomo chitetezo cha m'thupi chimamuona ngati mdani, ndipo pomenyana naye chimawononga timinofu tija mpaka m'matumbo mumasalala ngati thaulo lakutha. Munthu amadya, koma ayironi, kashiamu, mafuta ndi mavitamini zimangodutsa. Kusalala kwa matumboku madokotala anakuona ndi maso m'zaka za m'ma 1950, Dicke akadali moyo, atapeza njira yotapa kanyama kakang'ono ka m'matumbo n'kukayang'ana pa makina okuza zinthu.

Matendawa sapatsirana. Amayenda m'magazi a pabanja: mwa abale enieni 10 a munthu wodwala celiac, monga makolo, ana ndi obadwa nawo, pafupifupi mmodzi amapezeka nawonso. Amatha kuyamba pa msinkhu uliwonse. Akuluakulu ena satsegula n'komwe m'mimba. Amangokhala ndi kuchepa kwa magazi kosamva mankhwala a ayironi, kutopa, kutupa mimba, zilonda za m'kamwa, mafupa osalimba, zidzolo zoyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo, kapena kupita padera mobwerezabwereza. Omwe ali ndi matenda a shuga oyamba paubwana nawonso amapezeka ndi celiac kawirikawiri kuposa anthu ena.

Zaka zake zomaliza

Mu 1957 Dicke anakhala pulofesa wa matenda a ana pa yunivesite ya Utrecht ndiponso mkulu wa chipatala cha ana cha Wilhelmina. Bungwe la madokotala a matenda a m'mimba m'dziko lake linakhazikitsa mendulo ya dzina lake yolemekezera ofufuza, ndipo woyamba kuilandira anali iye mwini. Sanakhalitse pa udindo watsopanowu. Matenda a mitsempha ya magazi ya mu ubongo anamufooketsa, ndipo anamwalira pa 27 Epulo 1962 ku De Bilt, pafupi ndi Utrecht, ali ndi zaka 57.

Papita zaka zoposa 60 chimwalirireni, koma palibe mankhwala omwe alowa m'malo mwa njira yake. Wodwala celiac aliyense, kaya ali ku Amsterdam kaya ku Lifuwu, amauzidwa zomwezo: kupewa gluten moyo wake wonse.

Nanga kwathu kuno zikutikhudza bwanji?

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti awa ndi matenda a azungu okha. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri wasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse pa dziko lapansi ali ndi celiac, ndipo ambiri sadziwa. Malo amodzi omwe anapezeka ndi chiwerengero chachikulu kwambiri ali mu Africa momwe muno. Mu 1999 kunatuluka kafukufuku wa ana amtundu wa Sahrawi okhala m'misasa ya othawa kwawo m'dziko la Algeria, yemwe anapeza kuti ana oposa 5 pa 100 aliwonse anali ndi matendawa. Anthuwa chakudya chawo chachikulu chinasanduka buledi, chifukwa thandizo lomwe ankalandira linali lodzaza ndi ufa wa tirigu.

Phunziro lake ndi lakuti munthu akhoza kubadwa ndi magazi a matendawa, koma sangaoneke ngati sadya tirigu. Agogo athu omwe ankadya nsima, kondowole ndi mpunga okhaokha sakanadwala celiac ngakhale akanakhala ndi magazi ake. Ifeyo tikudya tirigu wambiri kuposa iwo. Kuno amalimidwa pang'ono m'madera ozizira monga ku Tsangano ku Ntcheu, koma wambiri amachokera kunja, ndipo wafika m'mudzi uliwonse kudzera m'mandasi, masikono ndi mabisiketi a pa okala.

Chenjezo lofunika ndi ili: musadziyeze nokha. Kuno kwathu, makamaka m'mbali mwa nyanja, mwana kapena wamkulu akamatsegula m'mimba, kuonda kapena kuchepa magazi, zifukwa zofala kwambiri ndi zina. Pali madzi osatetezeka, njoka za m'mimba, likodzo, malungo, chifuwa chachikulu, HIV ndi kusowa kwa chakudya chamagulu. Izi ndi zoyenera kuyezetsa poyamba kuchipatala chaching'ono cha kwanu kapena kuchipatala cha boma ku Salima. Ngati zonsezi zayezedwa, mankhwala amwedwa, koma vuto silikutha, mufunseni dokotala ngati n'kotheka kuti ndi celiac. Mufotokozereni zomwe mwaona, monga ngati vuto limakula pakadyedwa zatirigu. Kumbukirani kuti Dicke anathandizidwa ndi maso a mayi.

Kuyeza kwake kumayamba ndi magazi, kenako dokotala amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kukamwa kuti atape kanyama ka m'matumbo. Kuyeza kwa kamera kotereku kumachitika m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe mungatumizidwe. Musasiye tirigu musanayezedwe. Mukasiya, matumbo amayamba kupola, zoyezera n'kusonyeza ngati mulibe matenda chikhalirecho muli nawo.

Mbale ya kunyanja ili kale mbali yanu

Ngati dokotala watsimikiza kuti ndi celiac, musataye mtima. Munthu wa ku Netherlands akauzidwa kusiya tirigu amakhala ngati wauzidwa kusiya nsima. Inu a ku Salima zinthu zakukomerani. Nsima ya chimanga ilibe gluten. Kondowole, mpunga wa m'madambo a ku Lifuwu, mapira, mawere, mbatata, chinangwa, maungu ndi nthochi zilibe gluten. Chambo, usipa, utaka, kampango ndi mlamba zilibe. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mtedza, soya, mazira, nyama, mkaka, masamba ndi zipatso zonse zilibe. Thobwa la chimanga ndi chimera cha mawere kapena cha mapira mukhoza kumwa. Kondowole yekha onetsetsani kuti chinangwa chake chinavikidwa ndi kuumitsidwa bwino, monga mwa nthawi zonse.

Zoyenera kusiya ndi buledi, masikono, mandasi, madonasi, samusa, chapati, makeke, mabisiketi, supageti ndi mowa wa m'mabotolo wofululidwa ndi balere. Tirigu amabisalanso m'zakudya zina za m'mapaketi, monga soseji, supu waufa ndi zokometsera ndiwo, choncho werengani zomwe zalembedwa papaketi. Malamulo a m'mayiko ambiri amalola chakudya kutchedwa chopanda gluten ngati gluten wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Izi zikukuuzani kuti ngakhale nyenyeswa za buledi ndi zokwanira kupweteka matumbo.

Pamsika samalani ndi zitumbuwa ndi chigumu. Mwamwambo ndi za ufa wa chimanga, koma ophika ena amathiramo ufa wa tirigu kuti zifewe, ndipo ena amakazingira zitumbuwa kapena tchipisi m'mafuta omwe akazingira mandasi. M'malo ogona alendo nsomba ina amaipaka ufa wa tirigu asanaikazinge. Funsani musanagule, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kunyumba, mpeni ndi mbale za buledi zikhale pazokha, ndipo supuni yomwe yapaka chiponde pa buledi isabwerere m'botolo lomwe wodwala akudyamo. Mkate wa Mgonero kapena Ukaristia m'mipingo yambiri ndi wa tirigu, choncho kambiranani ndi abusa kapena ansembe anu. Ngati wodwalayo ndi mwana wa sukulu, aphunzitsi, agogo ndi anansi adziwe, chifukwa sikono yopatsidwa mwachikondi imavulaza chimodzimodzi.

Thupi likayamba kubwerera, yang'anirani sikelo

Ana a Dicke akasiya tirigu ankayamba kunenepa, ndipo chimenecho chinali chizindikiro chakuti akuchira. Matumbo a ana amapola msanga, m'miyezi yochepa, pomwe a akuluakulu amatha kutenga chaka kapena ziwiri, ena kupitirira apo. Kwa mwana kapena wamkulu amene anaonda, kunenepa kumeneku n'kofunika. Muzimupatsa chakudya pafupipafupi, phala lothira nsinjiro, soya kapena usipa wosinja, mazira, mapeyala ndi zipatso, ndipo mwana azipita kusikelo mosadumphitsa. Ngati magazi anachepa, dokotala angapereke mankhwala a ayironi.

Koma pali mbali ina yomwe ambiri sayembekezera. Munthu amene matumbo ake sankayamwa chakudya amazolowera kudya mitanda yambiri osanenepa. Matumbo akapola, mitanda yomweyo yonse imalowa m'thupi, ndipo ena amapezeka anenepa kupitirira muyezo. Dziwaninso kuti si onse odwala celiac omwe ndi oonda. Ambiri amapezeka ndi matendawa ali onenepa kale.

Kuti mudziwe pomwe muli, tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, gawani ndi kutalika kwanu m'mamita, yankholo muligawenso ndi kutalika komweko. Munthu wolemera makilogalamu 70 wotalika mamita 1.65 amapeza 25.7. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati kwa wamkulu muyezo wabwino ndi kuyambira 18.5 mpaka 24.9. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa komwe kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Mukaona sikelo ikukwera mopitirira, njira yake si kubwerera ku tirigu kapena kudzimana chakudya. Tsatirani magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Chepetsani mitanda, chulukitsani ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya ndi therere, kuti zitenge theka la mbale. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa uli ndi gaga yemwe amakhalitsa m'mimba ndi kuthandiza chimbudzi kuyenda bwino. Nsomba yophika, yowotcha kapena yowamba ndi yabwino kuposa yokazinga m'mafuta ambiri. Chepetsani shuga wa mu tiyi ndi mu thobwa, komanso zakumwa zozizira zotsekemera. M'malo mwa mandasi, mwerani tiyi mbatata kapena chinangwa chophika, osati tchipisi tsiku lililonse. WHO imalangiza wamkulu kugwiritsa thupi ntchito kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kulima, kupalasa njinga, kupalasa bwato ndi kuyenda mwandawala zonse zimawerengedwa.

M'masitolo akuluakulu a m'tauni mumapezeka buledi ndi mabisiketi olembedwa kuti alibe gluten. Ndi okwera mtengo, ndipo ambiri amawathira shuga ndi mafuta ochuluka kuti akome. Simukuwafunikira kuti mukhale ndi thanzi.

Mwina munaonapo pa Facebook kapena pa TikTok anthu akunena kuti kusiya gluten kumachepetsa thupi. Gluten payekha sanenepetsa. Munthu akasiya makeke ndi mandasi n'kuchepa thupi, chomwe chamuthandiza ndi kusiya shuga ndi mafuta omwe anali m'zakudyazo. Ngati mulibe celiac, ndipo dokotala sanakuletseni tirigu pa chifukwa china, palibe chifukwa choopera buledi.

Dicke analibe makina omwe zipatala zili nawo lero. Anali ndi sikelo, buku lolembamo, ndi chizolowezi chomvetsera amayi a ana odwala. Zinthu zimenezi nanunso muli nazo. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene mzere wake wa kusikelo wasiya kukwera, kapena wamkulu amene m'mimba simukumupatsa mtendere, lembani zomwe akudya ndi mmene akumvera kwa masabata awiri kapena atatu, osasintha chakudya chake. Kenako tengani zolembazo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, mukaonane ndi dokotala.